Boti la matanga, agalu awiri, Norfolk mpaka Florida: alipo anayendapo njira imeneyi?

NaPhiri (Virginia): Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yachilendo pang'ono, musandiseke. Bambo akunyumba apuma pantchito chaka chino, ndiye ndalama zina za penshoni agulira boti lakale la matanga, lotalika mapazi 36. Akufuna kuti mu Okutobala tinyamuke ku Norfolk, titsike ndi njira ya pamadzi ija amati Intracoastal Waterway mpaka ku Florida, nyengo yozizira ikatithere kumeneko. Ine madzi sindiwaopa, ndinakulira ku Salima. Chandiimitsa mutu ndi agalu. Tili nawo awiri, wina wamkulu wa makilogalamu pafupifupi 30, kena kakang'ono, kokalamba, kovutika msana. Owasiyira palibe, komanso bambowo anenetsa kuti popanda agalu sanyamuka. Ndiye ndifunse mosabisa mawu: galu amadzithandiza kuti mukakhala pakati pa madzi?

Ankolo a ku Area 25: Mwana wanga, ndawerenga kawiri poganiza kuti maso andinamiza. Agalu m'boti? Nanga nyumba mukuisiya ku Virginiayo ailondera ndani?

NaPhiri (Virginia): Kkkk Ankolo, agalu akuno salondera. Wamkuluyo akamva kugogoda amathawira kuseri kwa mpando.

Wa Kunyanja: Ine kwathu ku Nkhotakota ndaonapo mbuzi, nkhuku, njinga, ngakhale malata atakwezedwa m'boti la matanga. Galu sindinamuonepo. Ndikhala pano ndimve nawo.

Mbewe_NC: Achemwali, njira imeneyo ndimaidziwa. Ndimagwira ntchito yokonza maboti kuno ku North Carolina, ndipo nthawi zina eni ake amandituma kuwatsitsira maboti awo kummwera, ena agalu ali momwemo. Ndiyambe ndi njirayo kuti Ankolo ndi ena tiyendere limodzi.

Si mtsinje umodzi ayi. Ndi mitsinje, madambo, madzi a kuseri kwa zilumba za m'mphepete mwa nyanja, ndi ngalande zochita kukumba zolumikiza zonsezi, moti munthu utha kuchoka ku Norfolk mpaka ku Miami osatulukira panyanja yaikulu ya Atlantic. Amayambira kuwerenga mamailosi pa mtsinje wa Elizabeth, pakati pa Norfolk ndi Portsmouth, ndipo Miami ili cha pa mamailosi 1,090, kapena kuti makilomita pafupifupi 1,750. Oisamalira ndi a US Army Corps of Engineers.

Chinthu choyamba muwauze bambo: matanga adzawakweza mwa apo ndi apo. Malo ambiri ndi opapatiza komanso okhotakhota, ndiye tsiku lonse ndi injini, kununkha dizilo, maso pa zikwangwani zofiira ndi zobiriwira. Boti ngati lanulo limayenda mamailosi 6 kapena 7 pa ola. Mu Novembala dzuwa limalowa msanga, ndipo usiku sayenda chifukwa zikwangwani zina zilibe magetsi. Mukakwanitsa mamailosi 40 kapena 50 patsiku mwalimbikira.

Tsono za agalu. Anthu opanda agalu amatsegula mapu n'kunena kuti lero tikagona pakuti chifukwa mphepo siwombapo. Inu simudzakhala ndi ufulu umenewo. Malo ogona azidzakusankhirani ndi chikhodzodzo cha galu. Madzulo aliwonse funso lizikhala loti, pamene tiponye nangula pali gombe loti kaboti kathu kakang'ono n'kufikapo, galu n'kutsika? Ndipo mudzadabwa kuchuluka kwa malo okongola omwe gombe lake mulibe. Bango ndi matope okhaokha, kapena mitengo yomera m'madzi, kapena ndi malo a munthu ndipo wakhomapo chikwangwani choletsa.

NaPhiri (Virginia): Achimwene mwandiwonjezera mantha. Ndiye amatani anthu?

Mbewe_NC: Njira zilipo ziwiri ndipo muzifuna zonse. Yoyamba ndi kaboti kopopa kokhala ndi kainjini, kopitira kumtunda m'mawa musananyamuke ndi madzulo mukafika. Yachiwiri ndi kuphunzitsa agaluwo kudzithandiza m'boti momwemo. Mugule kachidutswa ka udzu wapulasitiki, kotalika ngati mita imodzi, muboole pakona n'kumangapo chingwe. Kamaikidwa kutsogolo kwenikweni kwa boti, kutali ndi pomwe mumakhala. Galu akakodzerapo mumakaviika m'madzi ndi chingwe chija, mwatsuka. Zinazo mumatola ndi kajumbo n'kusunga mu chigubu chotseka bwino mpaka mutafika potaya zinyalala.

Kunena n'kophweka. Galu wophunzitsidwa bwino kunyumba ndi amene amavuta kwambiri, chifukwa kwa iye boti ndi nyumba, ndipo moyo wake wonse mwakhala mukumuuza kuti m'nyumba ayi. Amakuyang'anani, kuyang'ana udzuwo, kuyang'ana gombe, n'kuyamba kulira chapansipansi. Ndinaonapo galu wa bwana wina akudzigwira usana ndi usiku wonse, akunjenjemera miyendo, udzu uli pamphuno pake. Ndiye muyambe pano, musadikire Okutobala. Muike udzuwo pabwalo pomwe amakonda kukodza kuti ugwire fungo lawo, ndipo osautsuka ndi sopo. Akazolowera mupite nawo kudoko. Mukafuna kuti apite, muwamange chingwe ngati mukupita kokayenda, muyende nawo kuchoka kumbuyo kwa boti mpaka kutsogolo, munene mawu omwe mumanena masiku onse. Akachita, muwayamikire ngati apambana mayeso.

Ankolo a ku Area 25: Iii. Munthu wamkulu, wopuma pantchito, kuimirira pamwamba pa boti kuchonderera galu kuti akodze. Dziko lapita.

NaBanda (South Bend): Ankolo musaseke, nkhani yake ndi yaikulu kkk. Ine ndimathandizira dokotala wa ziweto kuno ku Indiana, ndiye ndiwonjezere mbali ya umoyo.

NaPhiri, chinthu chimodzi chomwe musayerekeze: kuwamana madzi akumwa kuti asamafune kukodza pafupipafupi. Anthu amachita zimenezi ndipo n'zomwe zimadwalitsa galu. Pamadzi pali dzuwa ndi mphepo, galu amauma kukhosi msanga, ndipo akasowa madzi abwino amamwa amchere akafika pagombe. Zotsatira zake ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, m'boti lanu lomwelo. Mbale ya madzi izikhala yodzaza nthawi zonse, ndipo popita kumtunda muzinyamula botolo lawo. Kudzigwira nthawi yaitali kamodzi sikupha galu wathanzi, koma kukhala chizolowezi kumabweretsa matenda a chikhodzodzo, makamaka kwa kokalambako. Mukaona kakukodza pang'onopang'ono pafupipafupi, kapena mkodzo uli ndi magazi, funani dokotala m'tauni yotsatira.

Musananyamuke mukawaonetse onse awiri. Katemera wa chiwewe akhale wosatha ntchito ndipo mapepala ake muwasunge m'jumbo yosalowa madzi, chifukwa madoko ena amafunsa. Akhale ndi microchip, kachipangizo kozindikiritsa galu komwe amakaika pansi pa khungu, ndipo pa kolala mulembepo nambala ya foni ndi dzina la boti, adiresi ya ku Virginia siwathandiza akasowa ku Georgia. Chachikulu china ndi nyongolotsi za mumtima, zomwe amati heartworm. Zimafala ndi udzudzu, ndipo chigawo chonse mukudutsacho, kuyambira ku Carolina mpaka ku Florida, ndi kwawo kwa matendawa. Kummwerako udzudzu sutheratu ngakhale mu Disembala, ndiye mankhwala a mwezi ndi mwezi osadumphitsa. Chimodzimodzi a nkhupakupa ndi utitiri. Mufunsenso mankhwala a chizungulire cha pamadzi, agalu ena amasanza ngati anthu.

NaPhiri (Virginia): Zikomo NaBanda, ndikulemba zonse. Nanga kamsana kaja? Kutsikira m'kati mwa boti pali makwerero oimirira kwambiri, masitepe asanu.

NaBanda (South Bend): Kasakwere kapena kutsika kokha ngakhale kamodzi. Kudumpha kumodzi kokha kutha kukapuwalitsa miyendo yakumbuyo. Muzikanyamula, dzanja limodzi pachifuwa lina kumatako, msana uli wowongoka, ndipo pakhomo la makwererowo muzitchingapo. Pansi m'katimo muyale makapeti osaterera. Wamkuluyo mumudule zikhadabo, zazitali zimaterera pamwamba pa boti.

Mai Tadala (Jacksonville): Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito ya usiku. Ife tinayendapo ndi galu wathu kuchokera ku Chesapeake, ndipo ndikusiyana pang'ono ndi a Mbewe. Nkhani ya udzu wapulasitikiyo kwa ife inakanika, galu anangousandutsa mphasa yogonapo. Tinangoganiza zomagona m'madoko olipira. Mukamangirira boti, galu amangotsika yekha n'kuyenda pa thabwa mpaka pa kapinga. Inunso mumasamba madzi otentha, kuchapa zovala, kugula ndiwo. Pa msinkhu wa anthu opuma pantchito, kukweza galu wa makilogalamu 30 mu kaboti kopopa m'mamawa kukuzizira, mafunde akugwedeza, si masewera.

Mbewe_NC: Mayi, sindikukana kuti m'doko muli mtendere. Koma awerengere kaye. Madoko amalipiritsa potengera kutalika kwa boti, phazi lililonse mtengo wake. Ine ndalipirapo madola awiri, pena atatu pa phazi, ndipo kummwera kwa Florida kuposa pamenepo. Pa boti la mapazi 36, madola atatu pa phazi ndi 108 usiku umodzi, magetsi apadera. Ulendo wa mwezi wathunthu kapena kuposa. Komanso mu Okutobala ndi Novembala aliyense akutsika nthawi imodzi, chifukwa nyengo ya mphepo zamkuntho imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi salola boti kufika kummwera kwambiri Novembala asanayambe. Ndiye madoko amadzaza. Tsiku lomwe mwatsekeredwa ndi mlatho kapena mwatitimira pa mchenga n'kulephera kufika komwe munasungitsa malo, mudzaponya nangula pomwe mdima wakupezani. Tsiku limenelo udzu uja ndi umene udzakupulumutseni.

Ankolo a ku Area 25: 108 ya madola kuti galu aponde kapinga. Ndayamba kuchulukitsa mu makwacha koma ndasiyira panjira, BP ingandikwere.

Mai Tadala (Jacksonville): Ankolo, malo aulere aliponso. Ku Elizabeth City amalola maboti odutsa kumangirira mwaulere pakati pa tauni penipeni, ndipo paki ili pomwepo. Ndiye chifukwa chake ine ndingati NaPhiri adzere ku Dismal Swamp.

NaPhiri (Virginia): Bambo anatchulapo dzina limenelo. Akuti pali njira ziwiri pochoka ku Norfolk?

Mbewe_NC: Eya, zimapatukana mutangochoka mu mzinda ndipo zimakakumana ku Albemarle Sound. Ina imadzera ku Great Bridge ndi Coinjock, ndi yakuya, yachangu, koma mumadutsa maboti akuluakulu a injini ndi zombo zokankha katundu. Inayo ndi ngalande ya Dismal Swamp, yotalika mamailosi 22, yowongoka, mitengo mbali zonse. Kwa agalu, apa ndikugwirizana ndi Mai Tadala, Dismal Swamp ndi yabwino. Mulibe mafunde, maboti othamanga saikonda, ndipo chapakati pali malo olandirira alendo omwe amatumikira a pamsewu wa US 17 ndi a pamadzi omwe, kapinga wambiri. Pali zitseko za madzi ziwiri zokwezera ndi kutsitsira maboti, ku Deep Creek ndi ku South Mills, zomwe zimatsegulidwa pa nthawi zoikika. Mukalowa m'menemo agalu atsekereni m'kati, chifukwa nonse awiri manja amakhala pa zingwe madzi akamakwera.

Koma muyambe mwafunsa ngati ili yotsegula, nthawi zina amaitseka madzi akachepa kapena mitengo ikagweramo. Ndi yosaya, boti lozama kuposa mapazi 6 lisayerekeze, ndipo mumamva zipika zikugunda pansi. Nyengo zina pamwamba pa madzi pamadzaza timasamba tobiriwira toyandama, timatseka sefa ya madzi oziziritsa injini. Ndipo galu amaona ngati ndi kapinga. Ameneyo ndi malo amodzi omwe galu amatha kungotsika m'boti mwaulemu wake n'kupezeka ali m'madzi.

Ndinene china chosakhudza agalu. Ngalandeyo inatsegulidwa mu 1805, ndipo anaikumba ndi manja anali akapolo, m'matope ofika m'chiuno, njoka ndi udzudzu zili pomwepo. M'dambo lomwelo munkabisalanso akapolo othawa, ena anakhalamo zaka zambiri. Madzi ake ndi akuda chifukwa cha makungwa ndi mizu ya mitengo. Ine ndikamadutsamo sindiyatsa wailesi ya nyimbo.

Wa Kunyanja: Zimenezo sindinkazidziwa. Kwathu ku Nkhotakota mbiri ya ukapolo timaidziwa ya mbali yonyamukira, kwa Jumbe, anthu akuwolotsedwa nyanja m'zombo za matanga. Iyi ndi ya mbali ina ya dziko koma kuwawa kwake n'kumodzi. A Mbewe, nanga Albemarle mwatchulayo ndi nyanja?

Mbewe_NC: Ndi madzi otambalala, kuwoloka kwake ndi maola angapo, koma osaya. Mphepo ikalimba mafunde ake amakhala aafupi, otsatizana, ngati mwera ukakupeza pa madzi osaya chakugombe kwanuko. Boti limangomenya mphuno. Agalu amavutika kwambiri tsiku lotero. Dikirani ku Elizabeth City mpaka nyengo ikome, palibe amene akukuthamangitsani. Ikakoma, ndi amodzi mwa malo ochepa omwe bambo adzakweze matanga n'kuzimitsa injini.

Mukawoloka ndi pomwe pali mayeso oyamba. Mumalowa mu Alligator River, pali mlatho wozungulira cha pa mailo 84 ndi kadoko pafupi nawo. Kuchoka apo mpaka ku Belhaven, cha pa mailo 136, gombe lenileni ndi losowa. Ndi nkhalango ya m'madzi, mbali ina ndi malo otetezedwa a nyama zakutchire momwe muli zimbalangondo, kenako ngalande yaitali yolumikiza Alligator ndi Pungo yomwe m'mbali mwake ndi zitsa zokhazokha. Muwatsitse agalu pa kadokoko m'mamawa, mulimbe mtima tsiku lonse.

Malo achiwiri ndi Mile Hammock Bay, cha pa mailo 244. Pafupifupi aliyense amagona pamenepo chifukwa ndi pabata. Koma ndi m'kati mwa Camp Lejeune, malo a asilikali a Marines, ndipo kutsika kumtunda n'koletsedwa. Gombe mukuliona, galu akuliona, koma ayi. Ndiye muwatsitsiretu ku Swansboro musanafike. Chigawo chomwecho asilikali amatha kutseka njira kwa maola angapo akamayeserera kuwombera, mumangoyandama kudikira.

Achitatu ndi mtsinje wa Waccamaw ku South Carolina, musanafike ku Georgetown. Kukongola kwake palibe wotsutsa, mitengo ikuluikulu yoimirira m'madzi, ndele zikulendewera. Poponda phazi palibe.

Ankolo a ku Area 25: Dikirani kaye. Mwati Alligator River. Si ng'ona zimenezo?

Mbewe_NC: Ndi abale ake a ng'ona, Ankolo. Zimayambira ku North Carolina komweko, koma zimachuluka mukamatsika, South Carolina, Georgia, Florida. Kwa munthu si zaukali ngati za mu Shire, kawirikawiri zimathawa. Kwa galu ndi nkhani ina.

Ankolo a ku Area 25: Apo ndiye ndilankhule monga munthu amene anagwirako ntchito ku Liwonde. Galu m'mphepete mwa madzi, m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo, ndi ndiwo. Ndipo nthawi zomwe mwanena kuti muziwatsitsa ndi zomwezo. Mwana wanga, chingwe chisachoke m'manja, ndipo mukafika pagombe musazengereze m'mbali mwa madzi, pitani nawo kumtunda ndithu. Kakang'onoko muzikanyamula. Ndipo musawaponyere kamtengo m'madzi kuti akatole monga ndimaonera pa TV.

NaPhiri (Virginia): Ankolo mwalowa m'boti tsopano kkkk. Ndamva, ndipo ndiwawerengera bambo mawu anuwa momwe alili.

Wa ku Tete: Moni akuluakulu. Ine America sindinafikeko, koma ndinagwira ntchito padoko la Beira, ndiye pali chinthu chimodzi ndikufuna mlongo wathuyu achimvetse, poti wakulira ku Salima. Nyanja ya Malawi sikwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Pomwe wasiya bwato m'mawa umalipeza pomwepo madzulo. Nyanja yamchere siitero. Ku Beira madzi amatha kutsika mamita 6, pomwe panali nyanja n'kusanduka bwalo la matope. Kumeneko zili bwanji a Mbewe?

Mbewe_NC: Mwafunsa bwino achimwene. Kumpoto kwa North Carolina kusintha kwake n'kochepa, mphepo ndi yomwe imakankha madzi. Koma kummwera kwa South Carolina ndi ku Georgia madzi amakwera ndi kutsika mapazi 7 mpaka 9, kawiri patsiku. Sizifika pa Beira koma n'zokwanira kukusokonezani. Mumafika ndi kaboti madzi ali odzaza, mwamangirira, mwayenda ndi agalu theka la ola, pobwera kaboti kali pamtunda ndipo pakati pa iko ndi madzi pali matope oti mukapondamo mumalowa mpaka m'mawondo, nsapato n'kutsalira momwemo. Galu amatuluka ali wakuda thupi lonse, fungo la mazira owola, ndipo madzi omutsukira m'boti ndi owerengeka.

Choopsa kuposa matope ndi zigoba za nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster. Pagombe pamaoneka poyera, pouma, pooneka bwino kutsikirapo, koma ndi milu ya zigoba zakuthwa. Zimacheka mapazi a galu, zimaboolanso kaboti kopopa. Muzifuna malo omwe anthu amatsitsira maboti awo kuchokera pa galimoto, amakhala a simenti ndipo ambiri ndi a boma, aliyense amaloledwa. Pa mapu a pafoni omwe oyenda pamadzi amagwiritsa ntchito, anthu amalembapo ndemanga za malo ogona, ndipo ambiri amanena ngati pali potsitsira galu. Muziwerenga madzulo pokonza za mawa.

Kukwera ndi kutsika komweku ndi kumene kumalamulanso nthawi yonyamuka. Pamapepala njirayi imayenera kukhala yakuya mapazi 12 mpaka ku Fort Pierce, koma ku Georgia malo ngati Hell Gate, Little Mud River ndi Jekyll Creek amadzaza matope moti boti la matanga limadutsa pokhapokha madzi akakwera. Ndiye tsiku lina madzi akuti nyamukani 6 koloko m'mawa, galu akuti ndipititseni kaye kumtunda. Mudzadzuka kukadali mdima ndi tochi pamutu.

Mai Tadala (Jacksonville): Ambiri amaidumpha Georgia, amatulukira panyanja yaikulu ku Charleston kapena Port Royal n'kuyenda usiku wonse mpaka ku Fernandina. Ife sitinayese chifukwa cha galu yemweyo. Koma musaidumphe, kumapeto kwake kuli Cumberland Island. Mumaponya nangula, kutsika, kudutsa m'nkhalango mpaka kugombe la mchenga lalitali lopanda nyumba. Kuli akavalo oyenda okha opanda mwini. Agalu saloledwa pa boti lonyamula alendo, koma obwera ndi boti lawo amaloledwa bola akhale pa chingwe. Ndipo chingwecho chigwireni zolimba, kavalo wakutchire amaponda.

Mukalowa mu Florida zinthu zimapepuka. Ku St. Augustine ndi ku Vero Beach kuli malo omangirira boti pakati pa madzi pa mtengo wotsika kuposa doko, ndi pofikira kaboti pabwinobwino. Ku Vero Beach paki ya agalu ili pafupi ndi doko la tauni. Anthu amapita kukagona usiku umodzi n'kukhala mwezi.

NaBanda (South Bend): Ku Florida komweko muchenjere ndi zinthu ziwiri. Kummwera kuli achule akuluakulu, cane toad, amatuluka usiku ndi mvula ikagwa. Galu akamuluma amatuluka thovu kukamwa, nkhama zimafiira, ndipo kagalu kakang'ono katha kufa. Zikachitika mupukute m'kamwa ndi kansalu konyowa mobwerezabwereza, mutu utaloza pansi kuti asameze, kenako thamangirani kwa dokotala. China ndi kamtengo kokongoletsera pakhomo kotchedwa sago palm, kali paliponse kuyambira ku Carolina. Njere zake zimawononga chiwindi cha galu. Muone chithunzi chake pa intaneti kuti mukadziwe.

NaPhiri (Virginia): Nanga akagwera m'madzi tili pa ulendo? Wamkuluyo amasambira, koma sindingathe kumukoka, boti ndi lalitali kuchokera pamadzi.

Mbewe_NC: Kusambira sikuthandiza ngati sangathe kukweranso, ndipo kummwerako madzi amathamanga. Onse awiri muwagulire majekete oyandamitsa okhala ndi chogwirira pamsana, amtundu wowala. Chogwiriracho ndi chomwe mumakolapo ndodo yangowe. Kwa wamkuluyo mumangirirepo chingwe chokwezera thanga n'kumukweza ndi winchi, chopukusa chokokera zingwe chija. Muyeserere padoko tsiku lotentha, kuti inu ndi iye mudziwe momwe zimakhalira. M'mbali monse mwa boti mukulunge ukonde pa mawaya otchingira aja.

Agalu ambiri sagwa chifukwa cha mphepo. Amagwa boti lalikulu la injini likadutsa mothamanga n'kusiya funde, kapena amadumpha okha podikira mlatho. Milatho yambiri yotsegula ili ndi nthawi zake, ina pa ola, ina pa theka la ola. Mumaitana woyang'anira pa wailesi ya VHF, tchanelo 13 ku Virginia ndi North Carolina, tchanelo 9 kuyambira South Carolina kutsika. Ndiye mukuzungulirazungulira, bambo ali pa chiwongolero, inu muli pa wailesi, gombe lili pafupi, galu wadzigwira kuyambira m'mawa. Nthawi ngati imeneyo akhale m'kati kapena womangidwa. Chingwe chake chimangidwe pa jekete, osati pakhosi, ndipo chifupike moti sangafike m'mphepete n'kulendewera kunja.

Wa Kunyanja: Ine funso langa ndi lina. Agaluwo amasangalala nazo? Kapena ndi anthu amene mukusangalala, iwo akungopirira?

Mai Tadala (Jacksonville): Zimatengera galu. Wathu masiku oyamba ankanjenjemera injini ikalira, kenako anazolowera, ankakhala kutsogolo kuuwa ma dolphin. Koma ndinakumanapo ndi banja lina lomwe linabwereka galimoto ku Beaufort n'kubweza galu kwa mwana wawo, anali atasiya kudya. NaPhiri, musanayambe ulendo waukulu mukagone nawo m'boti Loweruka ndi Lamlungu kufupi ndi kwanu konko. Mudzadziwa.

Wa ku Tete: Mukafika ku Florida simuwolokera ku Bahamas? Ndimamva kuti ndi pafupi.

NaBanda (South Bend): Akafuna kutero ayambe mapepala msanga. Bahamas imafuna chilolezo cholowetsera galu, chopempheratu. Pobwerera, kuyambira pa 1 Ogasiti 2024 galu aliyense wolowa mu America amayenera kukhala wa miyezi 6 kapena kuposa, wokhala ndi microchip, ndipo mwini wake alembe fomu ya CDC, bungwe la boma la America loona za matenda. Kwa agalu ochokera m'maiko omwe chiwewe chili chofala, ndipo Malawi ali pa mndandanda umenewo, zofunika zimachuluka kwambiri. Ndanena izi chifukwa wina anandifunsapo kumbali za kubweretsa galu wake kuchokera ku Blantyre.

NaPhiri (Virginia): Bahamas ayi chaka chino, tifike kaye ku Vero Beach tili anayi. Udzu ndagula popita ku ntchito, ndauyala kuseri kwa nyumba. Kakang'ono kanaununkhiza n'kukodzerapo nthawi yomweyo. Wamkulu wagonapo.

Mai Tadala (Jacksonville): Kkkkk ndinanena ine.

Mbewe_NC: Musautsuke, musiye fungo la kakang'onoko, wamkuluyo atsatira. Ndipo bambo akapita kudoko ayeze mlongoti kuchokera pamadzi mpaka pansonga, kuphatikizapo kawaya ka wailesi kali pamwamba. Milatho yosatsegula yambiri ndi mapazi 65, wa Wilkerson ku North Carolina ndi 64, wa Julia Tuttle ku Miami ndi 56 basi. Pa boti la mapazi 36 sindikuyembekeza vuto, koma mundiuze nambala yake.

Ankolo a ku Area 25: Majekete a agalu mwatchulawo amagula zingati? Ndikungofunsa.